Zida zitatu za m'bokosi la agogo: musazikweche musanaziwerenge

"Zikomo akatswiri. Agogo anga aamuna atamwalira tinapeza zida zitatu m'bokosi lawo, zokulungidwa m'bulangeti. Choyamba ndi chikwanje chokhala ndi chithunzi cha ng'ona pafupi ndi chogwirira. Chachiwiri ndi mpeni wolemera wopindikira kutsogolo, uli ndi kamphako m'munsi mwa chitsulo, ndipo m'chimake muli timipeni tiwiri ting'onoting'ono. Chachitatu ndi lupanga lalitali lowongoka, lakuthwa konsekonse, chogwirira chake chili ngati mtanda, ndipo pachitsulo pali timiyezi tiwiri ndi zolemba zooneka ngati Chiarabu. Zonse zachita dzimbiri. Alamu anga akuti tizikweche ndi sandipepa kuti ziwale, ndiye zidzagulidwa bwino. Ine mtima wayamba kukonda zinthu zoterezi, moti wina pa intaneti akundikopa kuti ndigule lupanga la ku Japan limene akuti ndi la pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ndingasiyanitse bwanji chakale chenicheni ndi chachinyengo? Nanga dzimbirili ndithane nalo bwanji?"

Bambo, pepani ndi imfa ya agogo, ndipo mwachita bwino kufunsa musanagwire sandipepa. Dzimbiri lisakusowetseni tulo. Chitsulo chimene chagona m'bokosi zaka makumi angapo sichingathe pa milungu yochepa imene mukhale mukuchifufuza. Chimene chingachiwononge pa tsiku limodzi ndi malangizo a alamu anuwo. Akunena ndi mtima wabwino, koma apempheni mwaulemu kuti adikire kaye. Pa zida zowonongeka zimene anthu akhala akundibweretsera, zambiri sizinadyedwe ndi nthawi ayi. Zinagwera m'manja mwa munthu wakhama amene ankafuna kuti ziwale.

Dzimbiri lili mitundu iwiri. Pali lakuda kapena loderako, losalala, lokakamira pachitsulo, limene silisiya kanthu mukalipukuta ndi nsalu. Limenelo linagona kale, silikudyanso chitsulo, ndipo kwa munthu wodziwa ndi umboni wa zaka. Ndiye pali lofiira, loyoyoka, lodetsa nsalu. Ilo ndiye lamoyo, ndipo ndikuuzani zochita nalo. Sandipepa sasankha. Amachotsa onse awiri, pamodzi ndi zizindikiro za wosula, mizere ya tupa, ndi zolemba zimene nthawi zambiri zimakhala zosazama kwenikweni. Chida chokwechedwa chimatsika mtengo, ndipo ngakhale katswiri amavutika kunena kuti ndi cha liti.

Yambani ndi kamera ndi cholembera. Yalani nsalu patebulo pamalo powala, mujambule chida chilichonse mbali zonse ziwiri, rula ili pambali. Kenako jambulani moyandikira zizindikiro, msana wa chitsulo, nsonga, pamene chitsulo chakumana ndi chogwirira, ndi chimake. Yezani kutalika, kulemera, ndi kuchindikala kwa msana pafupi ndi chogwirira komanso pafupi ndi nsonga. Funsaninso achikulire a m'banja mwanu akadali moyo kuti agogo anayenda kuti, anagwira ntchito yanji, ndipo zidazi anayamba kuoneka nazo liti. Kalata, chithunzi kapena chiphaso cha usilikali chimene chinali m'bokosimo chisasiyane ndi zidazo. Osonkhanitsa zida zakale amalemekeza mbiri yotsimikizika kuposa kung'anima kwa chitsulo.

Chikwanje ndicho chosavuta. Ng'ona pa chikwanje nthawi zambiri imaloza kwa Ralph Martindale, kampani ya ku Birmingham ku England imene inayamba m'zaka za m'ma 1870 n'kumatumiza zikwanje ku Africa, ku West Indies ndi ku South America. Vuto lake, ng'onayo ikudindidwabe mpaka lero, ndiponso opanga ena anaikopera. Ikhoza kukuuzani za fakitale, koma osati za chaka. Yang'anani ngati pachitsulo kapena pachimake pali kamuvi ka mizere itatu yokumana pamwamba. Kameneko ndi chizindikiro chakuti chidacho chinali katundu wa boma la Britain, ndipo zikwanje zambiri za asilikali a pa nkhondo yachiwiri zili nako, pamodzi ndi chaka monga 1943 kapena 1944. Mukadzakumana ndi china cholembedwa Collins & Co. ndi liwu lakuti Legitimus, pali dzanja logwira nyundo likutuluka m'chisoti chachifumu, ndi cha ku Connecticut ku America. Kampaniyo inayamba mu 1826 n'kutseka fakitale yake ya kumeneko mu 1966, koma dzinalo linapitirira pa zikwanje zopangidwa m'mayiko ena a ku South ndi Central America. Ndikuuzeni mosabisa: zikwanje zinkapangidwa zochuluka kwambiri monga zida za kumunda, ndipo n'zochepa zimene zimagulidwa pa mtengo wodabwitsa. Chikakhala cha usilikali, ndi chimake chake chenicheni, ndiye osonkhanitsa amatchera khutu. Apo ayi, sungani chifukwa chakuti chinali cha agogo.

Pa zida za m'fakitale, zipangizo zake zimanena zaka mosanama kuposa zizindikiro. Chitsulo chosachita dzimbiri cha mipeni anachitulukira Harry Brearley ku Sheffield mu 1913, choncho mpeni wolembedwa Stainless sungakhale wa m'zaka za m'ma 1800, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Aluminiyamu anali wodula kwambiri mpaka njira yotsika mtengo yomupangira itapezeka mu 1886. Pulasitiki wolimba wakuda uja wotchedwa Bakelite ndi wa mu 1907 kupita m'tsogolo. Msomali wopota wokhala ndi mtanda pamutu, uja wa Phillips, unafala m'zaka za m'ma 1930. Dzina la dziko nalonso limathandiza. Britain inakhazikitsa lamulo mu 1887, America mu 1890, lofuna kuti katundu wochokera kunja azionetsa kumene wapangidwa, ndipo kuyambira pamenepo mawu monga England kapena Made in Germany anachuluka pa mipeni. Koma samalani, chifukwa mfundoyi imayenda mbali imodzi. Dzina la dziko likakhalapo, mwina chidacho ndi cha pambuyo pa zaka zimenezo. Likasowa, sindiye kuti n'chakale. Kumbukiraninso kuti chogwirira chimatha msanga kuposa chitsulo. Lupanga limodzi likhoza kukhala ndi chitsulo cha m'ma 1700, chogwirira cha m'ma 1800 ndi chimake cha dzana, ndipo m'madera ambiri kusintha zogwirira inali ntchito yanthawi zonse, sikunali kunamiza munthu.

Mpeni wopindikira kutsogolo uja ndi khukuri wa ku Nepal, wodziwika chifukwa cha asilikali a Gurkha, amene akhala akutumikira Britain kuyambira 1815. Kamphako mwakaonako kamapezeka pafupifupi pa mpeni uliwonse wa mtundu umenewu, wakale ndi watsopano womwe, ndiye sikakuthandizani pa zaka. Pa timipeni tiwirito, kamodzi n'kakuthwa, kodulira tinthu ting'onoting'ono, kena n'kobuntha, kowongolera kukamwa kwa mpeni waukuluwo ndiponso koyatsira moto pamwala. Funso lenileni ndi lakuti mpeni wanuwo unapangidwira ndani. Wakumudzi umakhala wosakongoletsedwa, chogwirira chamtengo kapena chanyanga ya njati chitasalala ndi thukuta la dzanja, chitsulo chitachepa chifukwa chonolanola. Wausilikali umakhala ndi dzina kapena zilembo za wopanga, chaka, nthawi zina kamuvi kaja, ndipo yambiri ya nthawi ya nkhondo ziwiri zija ili ndi chitsulo chodutsa m'chogwirira chonse, matabwa awiri atakhomeredwa m'mbali. Wa alendo odzaona malo ndiye umadziulula wokha: mutu wa mkango wamkuwa kumapeto kwa chogwirira, timadontho tokhomedwa pachitsulo, chitsulo chokutidwa ndi zonyezimira, ndi liwu lakuti India. Yoteroyo inagulitsidwa yambirimbiri kwa asilikali ndi amalinyero obwerera kwawo. Ikhoza kukhala ndi zaka zoposa 70, komabe sinapangidwe kuti idule kanthu.

Lupanga lija ndilo landikoka mtima. Mmene mwalifotokozeramu, likumveka ngati kaskara, lupanga la ku Sudan, limene limapezekanso ku Chad ndi ku Eritrea. Onani chimake: chikakhala chachikopa chofiirira ndipo chikutambasuka pafupi ndi nsonga ngati tsamba, ndiye ndi lomwelo. Chogwirira chimakhala chamtengo chokulungidwa ndi chikopa, kumapeto kuli kambale kozungulira. Lili ndi m'bale wake, takouba wa Atuareg a ku Sahara, amene nayenso amakhala ndi timiyezi tiwiri, koma nsonga yake imakhala yobulungira ndipo chotchinjiriza dzanja chimakhala chachikulu m'lifupi, chokutidwa ndi chikopa kapena mkuwa. Azungu ena a m'zaka za m'ma 1800 ataona maonekedwe a mtandawo anafalitsa nkhani yakuti awa ndi malupanga otsala a ankhondo a ku Ulaya amene anakamenyera nkhondo Yerusalemu kalekale. Ogulitsa ena akuibwerezabe nkhaniyi mpaka lero. Musaimvere.

Chimene chinkachitika n'chakuti mzinda wa Solingen ku Germany unkasula zitsulo za malupanga zochuluka zopanda zogwirira, amalonda n'kumazifikitsa ku Egypt, ku madoko a Nyanja Yofiira ndi kupyola chipululu. Amisiri a ku Sudan ankangoikako chogwirira ndi chimake. Popeza ogula ankakhulupirira zitsulo za ku Ulaya, osula akumeneko anayamba kudinda zizindikiro zomwezo pa zitsulo zawo, ndipo timiyezi tiwiri tokhala ndi nkhope tinafika pomaonedwa ngati chizindikiro cha lupanga labwino. Ndiye timiyezi tanuto patokha sitikutsimikiza kuti chitsulocho chinachokera ku Germany. Tengani galasi lokulitsa zinthu. Chizindikiro cha m'fakitale chinkadindidwa kamodzi ndi chidindo chachitsulo, chimazama mofanana ndipo nkhope ya mwezi imaoneka bwino. Chokopera chimakhala chosazama, chopendekeka, mwina chogobedwa pang'onopang'ono, ndipo nkhope ija imasanduka timizere topanda tanthauzo. Onaninso timingalande toyenda m'litali mwa chitsulo, ngati n'towongoka ndi tofanana kuzama kapena tikuyenda mokhotakhota. Kukhala losulidwa ku Sudan sikulichotsera ulemu. Amisiri a mumzinda wa Kassala ku Sudan anapitiriza kusula malupanga amenewa m'zaka zonse za m'ma 1900, ambiri kuchokera ku zitsulo za masipuling'i a magalimoto, ndipo ena ndi abwino ndithu. Kungoti zaka zake ndi mtengo wake zimasiyana.

Zolemba za Chiarabuzo zikhoza kukhala za mitundu iwiri. Mzere umodzi kapena iwiri yogobedwa bwino nthawi zambiri imakhala vesi la Korani, pemphero, kapena dzina la mwini wake. Koma zilembo zikuluzikulu zikadzaza chitsulo chonse, zodyedwa ndi asidi ndipo zikungobwerezabwereza, zimenezo zimagwirizana ndi nthawi ya Mahdi, mtsogoleri wachisilamu wa ku Sudan, ndi womulowa m'malo, pakati pa 1881 ndi 1898, komanso zaka zotsatira nkhondo ya ku Omdurman, ku Sudan komweko, ya mu 1898, pamene asilikali a Britain ndi alendo ankafuna zikumbutso, amisiri n'kumawapangira. Pezani munthu wodziwa Chiarabu aziwerenge. Mukapezeka chaka, dziwani kuti chikhoza kukhala cha kalendala ya Chisilamu: chaka cha 1300 cha kalendala imeneyo chinayamba kumapeto kwa 1882. Anthu ambiri aona 1315 pa lupanga n'kuganiza kuti agwira chida cha zaka 700, pamene ndi cha mu 1897 kapena 1898.

Mayina ndi manambala pa malupanga anamiza anthu kuyambira kale. Chithunzi cha mmbulu wothamanga chinali cha osula a ku Passau ku Germany, a ku Solingen n'kuchitenga, ena a kutali n'kuchitenganso kwa iwo. Dzina la Andrea Ferara lili pa malupanga ambiri a ku Scotland amene zitsulo zake zinasulidwa ku Germany. Pa malupanga opindika a ku Persia, dzina la Assad Allah limapezeka pa zitsulo zotalikirana zaka zambiri kuposa moyo wa munthu mmodzi. Manambala monga 1414 ndi 1515 pa zitsulo za ku Ulaya si zaka zimene zinasulidwa. Pa malupanga a ku Ethiopia mumapeza ndalama yasiliva ya Maria Theresa itakhomeredwa kumapeto kwa chogwirira, yolembedwa 1780, koma ndalama imeneyo yakhala ikupangidwa ndi chaka chomwecho kwa zaka zoposa 200. Pali zina zodalirika ndithu. Kampani ya Wilkinson ya ku London inayamba kulemba nambala pamsana pa malupanga ake mu 1844, ndipo mabuku ake alipo, moti nambalayo ikhoza kukupatsani chaka, nthawi zina ndi dzina la msilikali amene analigula. Koma lamulo langa ndi ili: chizindikiro chizigwirizana ndi kasulidwe, kulemera, chogwirira ndi kutha kwa chidacho. Chimodzi chikatsutsa zinzake, khulupirirani chitsulo osati cholembedwa.

Popeza mwati mtima wayamba kukonda, nditchuleko za mipeni ya pakati pa Africa, monga ikul wa anthu a mtundu wa Kuba, ngulu wa mtundu wa Ngombe, ndi mipeni yoponya ya mtundu wa Azande. Yakale inkasulidwa kuchokera ku chitsulo choyengedwa m'ng'anjo, ndipo imakhala ndi timizere takuda m'kati mwa chitsulo, yochindikala pakati n'kumapyapyala kupita m'mbali. Yopangira malonda inadulidwa ku chitsulo chafulati cha m'fakitale, kuchindikala kwake n'kofanana paliponse, ndipo dzimbiri lake limakhala la mtundu umodzi ponseponse chifukwa anaikwirira m'dothi kapena kuithira asidi. Chida chimene chinagwiradi ntchito sichitha mofanana. Chimatha pamene dzanja linkagwira, pamene mwala wonolera unkadutsa, ndi pamene chinkakhuzana ndi chimake.

Tsopano za lupanga la ku Japan lija. Palibe mtundu wa lupanga umene achinyengo aukopera kwambiri kuposa umenewu, ndipo nkhani yakuti msilikali anabwera nalo kuchokera ku nkhondo ili m'kamwa mwa wogulitsa aliyense. Pemphani chithunzi cha msuka, mbali ija ya chitsulo imene imalowa m'chogwirira, imene Ajapani amaitcha nakago. Pa malupanga ambiri a ku Japan chogwirira chimagwidwa ndi kachikhomo kansungwi, ndipo chimavuka mosavuta kwa munthu wodziwa. Msuka weniweni umakhala woumbidwa mwaudongo, uli ndi mizere ya tupa yoyenda mwadongosolo, bowo lake laukhondo, ndipo dzina la wosula, ngati lilipo, limagobedwa ndi tchizulo. Dzimbiri lake limanena zaka: pa lupanga la m'ma 1940 limakhala lochepa, pa la zaka mazana angapo limakhala lakuda bii. N'chifukwa chake msuka wa lupanga la ku Japan sautsuka zivute zitani. Wachinyengo umakhala wokhakhala, wodulidwa mwachisawawa, zilembo zake zosawerengeka kwa munthu wodziwa Chijapani.

Onaninso chitsulo chenichenicho. Chikakhala ndi mizere ikuluikulu yozungulirazungulira yooneka patali, imene ogulitsa amaitcha Damascus, chokanipo, chifukwa malupanga a asilikali a Japan sanali otero. Mzere wotuwa woyenda m'mbali mwa kukamwa kwa lupanga, wotchedwa hamon, umabadwa pamene chitsulo chopakidwa dongo chikuviikidwa m'madzi chili chamoto, ndipo umakhala ndi kuya kwake mukamautembenuza pa kuwala. Wachinyengo ndi wojambulidwa ndi asidi kapena burashi yawaya, mafunde ake ofanana ndendende kuyambira kumunsi mpaka kunsonga. Nambala yodindidwa pa kakolala kamkuwa ka m'munsi mwa chitsulo ndi chizindikiro china cha bodza. Malupanga a masajeni otchedwa Type 95, ambiri a chogwirira cha aluminiyamu, anali ndi nambala ndithu, koma pachitsulo penipeni ndi pachimake. Chingwe cha pachogwirira chizikhala cholimba, timabowo take tofanana kukula. Ku Japan kuli bungwe la NBTHK, limene linakhazikitsidwa mu 1948, lopereka zikalata zotsimikizira malupanga osulidwa mwa luso lakale, koma zikalatazo nazonso ena amazipeka, ndipo malupanga a m'fakitale a nthawi ya nkhondo sakhala nazo. Wogulitsa akakana kukuonetsani msuka, kapena akamakufulumizitsani kuti wina akulifuna, musiyeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikanakhala inu, ndalama zoyamba ndikanagulira buku labwino la mtundu umodzi wa zida, n'kumaonanso zithunzi za zosungidwa ku Royal Armouries ku Leeds, ku Pitt Rivers Museum ku Oxford ndi ku nyumba ya zinthu zakale ya ku Tervuren ku Belgium, mpaka diso litazolowera chenicheni. Woyamba kumene amene amagula za ku Japan lero, za ku India mawa, za ku Congo mkuja, amanamizidwa konseko.

Nanga dzimbiri lofiira lija? Pakani mafuta opepuka, monga a makina osokera, pachitsulo pokha, musiye masiku angapo kuti alowerere, kenako pukutani ndi nsalu yofewa. Pamene latundumuka, palani pang'onopang'ono ndi kamtengo, kafupa kapena kamkuwa, zinthu zofewa kuposa chitsulo. Lofiira likachoka n'kutsala lakuda, lekani pomwepo. Vinega, mandimu, mankhwala ochotsera dzimbiri ndi makina onolera zisayandikire, chifukwa zimasiya chitsulo chotuwa mbuu ndi chobowokabowoka. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo. Mukamaliza, kutani chitsulo ndi mafuta ochepa kapena phula losungira zinthu zakale, monga Renaissance Wax, limene linapangidwa ku British Museum m'zaka za m'ma 1950. Mafuta asafike pa chikopa, mtengo kapena nyanga. Chikopa chimasunga chinyezi ndipo mankhwala ofufutira amadya chitsulo, choncho sungani lupanga pambali pa chimake chake, osati m'kati, pamalo ouma, ndipo bulangeti lija lichoke. Zala zimasiya mchere umene umasanduka zidindo za dzimbiri, ndiye valani magolovesi kapena pukutani mukagwira. Lupanga likakanirira m'chimake, musalikoke ndi mphamvu, chikopa chakale chimang'ambika.

Musanole, ndipo musayesere kudula nthambi kuti muone mphamvu zake. Guluu ndi mtengo wa m'chogwirira zinauma kalekale, ndipo chitsulo chikhoza kusolotoka n'kuvulaza woima pafupi. Zisungeni motsekera, kutali ndi ana. Mukadzicheka kwambiri, tsukani balalo ndi madzi ndi sopo, mupite kuchipatala akaone za katemera wa kafumbata. Mukadzakhala ndi keris wa ku Indonesia, mpeni uja wokhotakhota umene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inauzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe, sambani m'manja mukaugwira, chifukwa maluwa a pachitsulo chake amawatulutsa ndi mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic.

Pali nkhani imodzi imene ingakugwetseni m'mavuto aakulu kuposa kugula chachinyengo, ndiyo zogwirira za mnyanga wa njovu ndi nyanga ya chipembere. Mipeni ina ya jambiya ya ku Yemen ndi malupanga ena a ku Ethiopia ali ndi zogwirira za chipembere, ndipo mnyanga umapezeka pa zida za ku Africa, Asia ndi Ulaya komwe. Pangano la CITES, limene linayamba kugwira ntchito mu 1975, limaletsa kapena kuika malire pa malonda a zinthu zimenezi pakati pa mayiko, ndipo mu 1989 mayiko anagwirizana zoletsa malonda a minyanga ya njovu za ku Africa. Mayiko ena anawonjezera malamulo awoawo okhwima, monga Britain ndi lamulo lake la mu 2018. Kunena kuti chinthucho n'chakale sikukwanira popanda zikalata. Fupa limakhala ndi timadontho kapena timizere takuda, mnyanga wa njovu umaonetsa mizere yopingasana pamene wadulidwa, ndipo nyanga ya chipembere imaoneka ngati tsitsi lothinana. Musayese ndi singano yamoto monga ena amalangizira, mungosiya chipsera. Mukakayika, funsani ofesi yoona za nyama zakutchire musanagulitse kapena kutumiza kunja. Mayiko ambiri alinso ndi malamulo oletsa kutulutsa zinthu zakale popanda chilolezo, mogwirizana ndi pangano la UNESCO la mu 1970, ndiponso malamulo a kanyamulidwe ka zida zakuthwa pamsewu, pa positi ndi pa ndege. Funsani apolisi ndi akasitomu musanayende nazo.

Chikwanje ndi khukuri mungathe kuzisamala nokha monga ndafotokozera. Lupangalo ndilo lofunika maso a wina. Mukaona kuti chogwirira kapena chimake chili ndi siliva, zolemba zili ndi dzina ndi chaka, chikopa chikuyoyoka, kapena mtengo ukutuluka ufa wa tizilombo tofumbula, musalikonze nokha. Lemberani wosamala zinthu ku nyumba yosungirako zinthu zakale, mumutumizire zithunzi zija, miyezo yake ndi zimene achikulire akuuzani. Ambiri a iwo amathandiza kuzindikira chinthu koma sanena mtengo. Za mtengo funsani a okushoni amene amagulitsa zida zakale, anthu awiri kapena atatu osadziwana, ndipo yerekezani ndi mitengo imene malupanga ofanana nalo anagulitsidwadi, osati imene ogulitsa amangolemba. Amene wakuuzani mtengo asakhale yemweyo wofuna kuligula tsiku lomwelo.